Buku Langa M'manja mwa Atsikana a Fomu 2

Chitakale, Mulanje
9 Juni, 2025

Okondedwa Achimwene a Bizwick,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Karongako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, zovala sizikuuma, ndipo amayi ayambanso kudandaula mawondo. Musadabwe kuti ndakulemberani papepala ngati munthu wakale. Ndikudziwa kuti ndikatumiza voisi mumaitsegula mokweza alamu ali pomwepo, ndipo sindikufuna kuti nkhani iyi izungulire Karonga tsiku limodzi monga yachitira kuno. Mukawerengere kugalaja, muli nokha.

Ndiyambe ndi kuulula. Mukumukumbukira Agnes, mwana wa a Namakhwa, akalaliki a ku esiteti ya tiyi aja? Masiku ano amagwira ntchito pa shopu ya fotokope pafupi ndi siteji. Ndakhala ndikumufuna chibwerereni ku koleji, zaka ziwiri tsopano. Ndiye kwamveka kuti Hopewell, uja ali ndi njinga zamoto zitatu za kabaza, akutumiza amalume ake kwa a Namakhwa pa 28 mwezi uno. Ndikangozengereza, Achimwene, mtsikanayu ndamutaya.

Mumandiyamikira pafoni kuti ndine wolimbikira, akuti sabata iliyonse ndimakachititsa fotokope digiri yanga kuti ndifunsire ntchito. N'zoona ndimafunsira, ndipo maofesi ake sayankha, zomwe ndidzakonza ndikadzakhala pamalo oyenera. Koma m'dziko muno mulibe ntchito zochuluka choncho. Pansi pa bedi langa pali makope a digiri okwana kufolerera khola la nkhuku. Ndinkapita kukaona Agnes. Ndikafika ndinkati, "Makope awiri." Iye ankati, "Mwadzuka bwanji a Madalitso?" Ine n'kuyankha kuti ndadzuka, kenako n'kuyamba kudandaula za magetsi mpaka mapepala atatuluka. Zaka ziwiri, nkhani yake ya magetsi.

Popeza pakamwa panakanika, ndinalemba buku. Chonde musaseke. Mukudziwa mmene zimandipwetekera kuti achinyamata athu akuwerenga nkhani za anthu a kumayiko a chipale, pamene phiri lonseli lili kuseri kwa nyumba, palibe wolilemba. Ndinatsimikiza kuti ndikhala woyamba kulemba nkhani ya chikondi ndi zoopsa ya ana a ku Mulanje, kuti m'zaka zisanu izidzawerengedwa m'sukulu zonse. Munthu wamkulu m'nkhaniyo ndi Golden, mnyamata wa digiri, wanzeru kuposa boma lonse. Amakonda telala wina dzina lake Joice, ndipo amakwera phiri kukalimbana ndi Trust, chigawenga chozembetsa mkungudza, amenenso akumufuna Joice yemweyo. Masamba mazana awiri ndi khumi ndi awiri, machaputala khumi ndi chimodzi. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chinakanaka kukalipulinta kumeneko, kuopa kuti likadutsa m'makina a Agnes angaliwerenge.

Tsono ndinafuna munthu woti aliyamikire ndisanalitumize kwa osindikiza ku Blantyre, ndipo maso anga anagwera pa mlongo wathu Favour. Inu munamusiya akusewera fulaye, koma pano ali Fomu 2, zaka khumi ndi zisanu, ndipo amameza mabuku ngati mtedza. Amawapeza kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pansi kumsika, ena opanda chikuto, ena odyedwa ndi chiswe. Ndipo mwanayu ali ndi maganizo pa buku lililonse. Tsiku lina akusenda chinangwa anandiuza kuti, "Achimwene, mabuku achikondi a kunja ndi okoma, koma anthu ake alibe azakhali. Mtsikana amayenda ndi mnyamata tauni yonse atagwirana manja, palibe womuona n'kukanena. Kuno mungafike pamjigo?"

Ndinati nanga a zoopsa aja?

"Amenewo ndiye bodza lenileni. Ana amachoka pakhomo masabata atatu kukasaka chuma kuphanga, mayi awo osawafunafuna. Ine ndikangochedwa kuchigayo pang'ono, amayi amakhala atafunsa kale mudzi wonse. Komanso mnyamata wokondedwayo nthawi zonse amakhala wolemera, wokwiyakwiya, wa maso obiriwira. Munthu wa maso obiriwira kuno timathamangira naye kuchipatala."

Nditamva zimenezi ndinati uyu ndiye wowerenga wanga, watopa ndi zakunja, akaona zakwathu alira ndi chimwemwe. Ndinamupatsa bukulo Lolemba, litamangidwa bwino ndi pulasitiki, n'kumuuza kuti asambe m'manja asanaligwire.

Chimene sindinkadziwa, ngakhale ndili ndi digiri ya maphunziro, ndi mmene atsikana a pasukulu pawo amawerengera mabuku. Mabuku ndi ochepa, owerenga ndi ambiri, ndipo palibe amene angadikire mnzake kuti amalize masamba mazana awiri. Ndiye buku likangofika amalimasula, n'kuligawa zigawozigawo. Woyamba akamaliza chaputala choyamba amapatsira mnzake pa buleki, iye n'kutenga chachiwiri, choncho buku limodzi limayenda m'zikwama khumi nthawi imodzi. Aliyense amalemba maganizo ake m'mbali mwa tsamba kuti wobwera pambuyo awaone. Ndipo bukulo likakhala kuti masamba omalizira anathothoka, kapena mathero ake sanawakomere, amakhala pansi n'kulemba awo. Amene amasunga mndandanda wa yemwe ali ndi chigawo chiti ndi Favour wathu yemweyu.

Lachinayi ndinamufunsa kuti wafika pati.

"Ine ndamaliza," anatero.

"Ndiye bweretsa."

"Lonse?"

"Ungabweretse theka?"

Anatulutsa kakope n'kuyamba kuwerenga ngati kondakitala. "Chaputala choyamba chili kwa Pilirani. Chachiwiri chili kuseri kwa msika. Chachitatu chapita ku Thuchila, mwini wake ali kumaliro, abwera mawa. Chachinayi chinanyowa pang'ono koma chikuwerengeka."

Achimwene, ndinakhala pansi pa mtondo. Ndinamukalipira za ufulu wa mlembi, ndinatchula ndi malamulo amene sindikuwadziwa bwino. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Simumati mukufuna achinyamata aziwerenga? Akuwerengatu. Loweruka tikubweretserani, tidzakuuzaninso maganizo athu."

Loweruka masana anabweradi, atsikana asanu ndi mmodzi, n'kukhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Ine ndinavala shati ya kolala, n'kutulutsa mpando, poganiza kuti pakhala mafunso a mmene ndinapezera luso. Anandipatsa mulu wa mapepala onunkha utsi ndi mafuta odzola. M'mbali monse munali zolemba, inki yofiira, yabuluu, pensulo. Ndinatsegula tsamba lina n'kupeza mawu akuti, "Lankhula iwe!" Pansi pake dzanja lina linalemba kuti, "Salankhula ameneyu, ndafika chaputala 9." Pansi pakenso wina anangoti, "Joice thawa."

Favour ndiye anali wapampando. Anayamba mwaulemu, kunena kuti Chichewa chake ndi chabwino ndipo palibe amene ali ndi maso obiriwira. Kenako anati, "Koma achimwene, phiri lija munalikwerapo?"

Ndinati ndinafika pa mathithi a Likhubula.

"Paulendo wa sukulu, muli Sitandade 7. Golden wanuyu wanyamuka atadya nkhomaliro, wafika pa Sapitwa dzuwa lisanalowe, atavala nsapato za ku ofesi, wopanda ngakhale chinangwa m'thumba. Bambo ake a Pilirani amanyamula katundu wa alendo kuphiriko. Titawawerengera anaseka mpaka kutsamwa."

Ndinati m'nkhani zopeka mlembi ali ndi ufulu.

"Chabwino. Nanga pamene Trust wamuopseza ndi chikwanje, Golden n'kuyamba kulankhula za kusowa kwa ntchito pakati pa achinyamata masamba anayi? Trust anangoima chikwanje chili m'mwamba kudikira kuti amalize? Ndiye ndi munthu waulemu kwambiri. Dzanja silinatope?"

Atsikana aja anagwa ndi phwete. Ndinawauza kuti masamba anayi amenewo ndiwo mtima wa buku lonse. Mmodzi anayankha kuti iwo anawadumpha.

"Koma vuto lalikulu si limenelo," anapitiriza Favour. "Ife tinawerenga mawu onse amene Golden walankhula kwa Joice m'buku lonse. Akuti 'Zikomo' kasanu ndi kawiri. Akuti 'Kodi magetsi abwera?' kanayi. Basi. Munthu wawoloka mitsinje, wagona kuphanga, walimbana ndi njoka, koma akafika pakhomo pa telala amangoyang'ana denga. Pamene Trust, tsamba la khumi ndi chiwiri lomwe, wafika n'kunena kuti, 'Joice, ndikukufuna, ndituma amalume.' Ife tonse tili mbali ya Trust."

"Trust ndi chigawenga!" ndinakuwa.

"Inde, koma akudziwa chimene akufuna. Mkungudzawo angathe kusiya, Joice akamulangiza. Koma Golden wanuyu ndi kalongonda. Amafuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso, ndipo mtsikana alibe nkhuni zochuluka choncho."

Ndinayamba kusonkhanitsa mapepala anga kuti ndichoke ndi ulemu umene unatsala. Powerenga ndinaona kuti chaputala 7 palibe. Chimenecho ndi chaputala chimene Golden amaima pawindo la shopu n'kumafotokoza mumtima mwake zonse za Joice: kampata ka pakati pa mano ake, mmene amanyowetsera chala asanagwire nsalu, ndiponso mmene amamenyera makina ake m'mbali akakanirira, uku akunena kuti, "Usandichititse manyazi pa anthu." Ndinkaganiza kuti ndabisa bwino, poti ndinasintha makina a fotokope kukhala osokera.

Mtsikana wina wamanyazi amene anali asanalankhulepo anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Favour anati ameneyo ndi Chiyembekezo. Chiyembekezo Namakhwa, Achimwene. Mng'ono wake wa Agnes.

"Pepani," anatero, "chaputala 7 anandilanda achemwali. Anachipeza m'chikwama mwanga akufuna cholembera. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi, kenako anandifunsa kuti walemba ndani."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinanena zoona. Ndife a Mulungu."

Ndinafunsa ngati pali wina amene anazindikira kuti Joice akufanana ndi munthu wina wake. Onse asanu ndi mmodzi anandiyang'ana mwachisoni. Favour anati, "Achimwene, kalasi yonse inazindikira patsamba lachitatu. Ngakhale Trust tikumudziwa. Munangomuchotsera njinga zamoto n'kumupatsa chikwanje."

Masiku atatu sindinatuluke m'nyumba. Amayi ndinawauza kuti ndi malungo, iwo n'kundiphikira phala, zomwe zinandiwonjezera manyazi. Ndinaganiza zosamukira kwa inu ku Karonga. Ndinaganizanso zolemba kalata ku sukulu yawo yodandaula za khalidwe la ana a masiku ano, mpaka ndinayamba ndime yoyamba. Lachitatu Favour pochokera kusukulu analowa osagogoda, n'kundiponyera mapepala awiri ong'ambidwa m'kope.

"Mathero anu aja sanatikomere, Golden atangoima paphiri kuyang'ana kutali. Ndiye talemba athu, monga timachitira."

Ndinawerenga. Analemba kuti Joice anadikira, n'kudikira, mpaka tsiku lina amalume a Trust anafika pakhomo atavala jekete. Ukwati unali waukulu, ndipo Golden anapatsidwa ntchito yoimika magalimoto. Pambuyo pake anakalamba yekha, akufunsa anthu odutsa ngati magetsi abwera. Tsiku limene amalumewo anafika analilemba ndi inki yofiira: pa 28.

Ndinati, "Favour, ndiwe mwana wopanda chisoni."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. "Achimwene, ine ndawerenga mabuku ambiri otere. Ena mnyamata wake ndi wosauka, ena ndi wonyansa, ena ndi mfiti imene. Onsewo mtsikana amatha kuwavomera. Koma sindinawerengepo limene mtsikana wavomera munthu amene sanamufunse. Chiyembekezo akuti achemwali ake chaputala chija sanachitaye. Chili m'dirowa ya kushopu."

Lachisanu m'mawa ndinapita. Sindinatenge digiri, ndipo manja anga sankadziwa pokhala. Mushopu munali kasitomala mmodzi, a Wyson, mkulu uja anali mlonda ku fakitale ya tiyi, atabwera kudzachititsa fotokope chitupa chawo. Agnes atandiona anati, "Mwadzuka bwanji a Madalitso? Tinamva kuti mukudwala. Makope angati lero?"

Ndinati lero sindinabwere ndi pepala.

Anatsegula dirowa, n'kutulutsa chaputala chija, n'kuchiika patebulo. "Ndiye mwabwerera ichi. Munakapulinta kuti? Inki yake yofooka chonchi."

"Ku Chinakanaka."

"Mpaka ku Chinakanaka, makina ali pano? Mwatinyoza." Anatembenuza tsamba limodzi. "Joice ameneyu ndimamudziwa?"

Apa, Achimwene, digiri inandigwira pakhosi. Ndinayamba kufotokoza kuti m'zolembalemba munthu wopeka amaimira anthu ambiri, kuti Joice ndi chithunzi cha atsikana onse a m'boma lino amene luso lawo likuponderezedwa, ndipo kuti tikaona bwino nkhani ya kusowa kwa ntchito...

"Mwana wanga," anandidula a Wyson, "ine ndili ndi minibasi yoti ndikwere. Ngati uli ndi mawu ndi mtsikanayu, nena, ine ndipangitse chitupa changa."

Sindikudziwa chimene chinandikankha. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Agnes, Joice ndi inuyo. Ndimakufunani. Ndakhala ndikukufunani kuyambira tsiku loyamba, ndipo makope onse aja ali pansi pa bedi."

Kunja kondakitala ankaitanira anthu a ku Limbe. A Wyson anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Basi? Zomwezi n'zimene umatuluka nazo thukuta? Ife tinkanena zimenezi tili ndi dengu la tiyi kumsana, kapitawo akutikalipira."

Agnes anatembenukira ku makina, n'kudina batani. Linatuluka pepala loyera. Anadinanso, linatulukanso loyera. A Wyson anakweza dzanja n'kumuonetsa chitupa, chimene chinali chidakali m'manja mwawo. Apo ndiye Agnes anaseka, kuseka kobisa nkhope, mpaka ine ndinayamba kupuma.

Mkuluyo atapita, Agnes anandiuza mawu awa, ndipo ndikuwalemba monga anawanenera. "A Madalitso, zaka ziwiri ndakhala ndikumva za magetsi. Ndinayamba kuganiza kuti mukufuna ntchito yokonza mapolo. Za Hopewell munamvazo n'zoona, amalume ake akubwera pa 28. Ine sindinamuvomere, komanso sindinamukane, chifukwa ndinalibe chifukwa choti ndikawauze amayi. Amayi anga sawerenga mabuku. Iwo amaona amene walowa pakhomo n'kukhala pamkeka. Ngati zimene mwanenazi si chaputala china, abale anu afike tsikulo lisanakwane. Yankho langa akalimva kumeneko."

Ndinamukumbutsa kuti ntchito yeniyeni ndilibe, koma kaganyu kophunzitsa pa pulayiveti. Anati akudziwa, popeza makalata anga onse ofunsira ntchito anadutsa m'manja mwake, ndipo awiri anandikonzera masipelo osandiuza. Chaputala chija anakana kundibwezera.

Ndiye pempho langa ndi ili, Achimwene. Mwambo ukufuna amalume, ndipo amalume a Anthony ndawatumizira kale uthenga ku Muloza. Koma mukuwadziwa. Akangokhala pamkeka pa anthu amayamba za mmene anawolokera malire nthawi ya nkhondo, ndipo pofika pamene anabisala m'munda wa nandolo dzuwa limakhala litalowa, chimene anabwerera ataiwala. Pakufunika munthu woti akhale pambali pawo n'kuwagwira bondo nthawi ikakwana. Munthu ameneyo ndinu. Pemphani tchuthi kugalajako, mufike kuno pasanafike pa 21, kuti tikhale ndi sabata yopuma Hopewell asanatumize ake. Ndikudziwa kuti Karonga ndi kutali ndipo basi imathyola msana. Koma chimwalirireni bambo, pakhomo lililonse limene ndinkaopa kulowa munkayamba ndinu kugogoda, kusekondale, kukoleji, ngakhale kuchipatala nthawi ija ndinathyoka mkono. Ili ndagogoda ndekha, mochedwa komanso moipa, koma ndagogoda. Kulowa kokha sindingalowe popanda inu.

Favour akupereka moni. Akuti ndikuuzeni kuti mukaona mabuku akale kumsika wa kumeneko mumutengereko, koma a zoopsa okhaokha, chifukwa achikondi akuti wayamba kutopa nawo, akumuchulukira pakhomo pomwe. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nkhaniyi aimva ndithu, koma aimve kwa inu mutakwera kale basi. Ana muwapsompsone.

Amayi sindinawauze kalikonse. Akudziwa kuti malungo aja anali abodza, ndipo akhala akundiyang'ana m'mbali akamasesa, koma sanafunse. Ndikudikira kuti mudzakhalepo powauza. Mukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka, ndipo zikatheka ndidzakamanga kwa a Namakhwa, pakhomo pano n'kutsala iwo ndi Favour basi. Akadzayamba kulira, ine sindidzadziwa ngati ndi chimwemwe kapena ayi. Inu mumawadziwa kulira kwawo. Bwerani mudzandiuze.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Madalitso